Musandiuze kuti John Wilkes anali wosokoneza chabe

Achimwene, amene akukuuzani kuti Wilkes, wandale wa ku England wa m'zaka za m'ma 1700, anali wosokoneza chabe sanachotsedwepo pampando atawina chisankho. Ine zinandionekera, ndiye funso lanu loti anali ngwazi kapena wongofuna kutchuka landigwira pachilonda.

Inde, munthuyo sanali woyera. Ngongole zinali mbwee, mowa, akazi, zonsezo n'zoona. Koma taonani zimene anamuchita. Mu Epulo 1763, ali phungu wa Aylesbury, analemba m'nyuzipepala yake ya North Briton, nambala 45, kudzudzula mawu a mfumu George III. Boma linatulutsa chikalata chomangira anthu chosatchula dzina, kungoti gwirani aliyense wokhudzidwa. Anagwira anthu 49, iyeyo n'kukamutsekera kundende ya Tower of London. Woweruza Pratt atamumasula chifukwa anali phungu, aboma anamulowera kwina. Lord Sandwich, mnzake amene ankamwera limodzi, anaimirira m'nyumba ya malamulo ya olemekezeka, ya ma Lords, n'kuwerenga mokweza ndakatulo yolaula imene Wilkes anasindikiza mwamseri. Mnzake weniweni!

Pamenepo ndi pamene ine mtima umandiwawa. Pagulu lathu la aphunzitsi losungitsa ndalama anandisankha kukhala msungichuma. Nditangotenga mabuku ndinaona kuti pali ngongole zolembedwa pa maina a anthu amene anasamuka kalekale. Ndinafunsa. Basi, mlandu wanga unali umenewo. Tsiku la msonkhano, m'kalasi muja titakhala pamadesiki a ana, mnzanga amene ndinamuperekeza kumaliro a mayi ake, amene ndinkagawana naye ndiwo, anaimirira foni ili m'manja. Anayamba kuwerenga uthenga umene ndinamutumizira usiku ndili wokwiya, momwe ndinatchula wapampando dzina loipa. Anawerenga pang'onopang'ono, n'kubwereza mawu oipawo kawiri. Choko chinali m'manja mwanga, ndinachifinya mpaka chinanyenyeka. Palibe anafunsanso za ndalama. Nkhani yonse inasanduka yakuti ine ndilibe ulemu. Amayi ena amene anandivotera anangoweramitsa mitu kuyang'ana nsapato zawo. Anandilanda makiyi a kabati pompo, anthu akuona, ngati wakuba ndine. Ndinatuluka miyendo ikunjenjemera, njinga ndinachita kuikankha mpaka kunyumba, kukwera ndinalephera. Wapampando uja mpaka lero akapezeka pagulu amayamba ndi pemphero. Munthu wopanda manyazi, wodya thukuta la anzake! Ndipo mnzangayo ndiye amandinyansa kuposa, chifukwa iye ankadziwa kuti mabukuwo ndi ovunda.

Wilkes anathawira ku Paris atavulazidwa ndi chipolopolo pa ndewu ya mfuti ndi phungu mnzake, ndipo mu 1764 anamuchotsa m'nyumba ya malamulo. Anabwerera mu 1768, anthu a ku Middlesex n'kumusankha. Anamugamula kukakhala kundende miyezi 22 chifukwa cha nyuzipepala ndi ndakatulo zija. Pa 10 Meyi chaka chomwecho asilikali anawombera khamu la omutsatira limene linasonkhana pa St George's Fields pafupi ndi ndendeyo, anthu n'kufa. Mu 1769 aphungu anamuchotsanso, anthu anamusankhanso. Anakana, anthu anabwereza. Pa chisankho cha mu Epulo iye anapeza mavoti 1,143, Henry Luttrell 296, koma nyumba ya malamulo inati phungu ndi Luttrell. Tandiuzani, wosokoneza ndi ndani apa? Inenso atachititsanso chisankho anzanga anandivoteranso, komiti n'kunena kuti dzina langa silikuloledwa, mpando n'kupatsa amene anabwera pambuyo panga. Nditawerenga za Luttrell ndinatseka buku, ndinalira.

Kusiyana kwake n'kwakuti Wilkes sanagonje. Mu 1771 anateteza osindikiza amene ankalemba zokambirana za aphungu, ndipo kuchokera pamenepo nyuzipepala zinayamba kuzilemba momasuka. Mu 1774 anakhala Lord Mayor (meya) wa London n'kubwereranso m'nyumba ya malamulo, ndipo mu 1782 chigamulo chomuletsa chija anachifafaniza m'mabuku. Zaka 13 akudikira! Komanso musabise zakuti mu 1780, pa zipolowe za Gordon zodana ndi Akatolika ku London, iye yemweyo anatsogolera oteteza Bank of England amene anawombera khamu, ndipo anthu wamba ambiri anamutaya. Zimenezo zimandipweteka, koma zinachitika. Anamwalira mu 1797.

Ndiye polemba nkhani yanuyo lembani kuti pa za ufulu wa ovota anali wolondola, ngakhale moyo wake unali wopindika. Zinthu ziwirizi zimakhalira limodzi. Ndipo inuyo achimwene, zoterezi zikadzakugwerani, musadzalimbane nawo. Perekani makiyi, tulukani, sungani mtendere wanu, ana anu akufunani muli moyo, chifukwa ine BP inandikwera chaka chathunthu. Musamalembenso zakukhosi pafoni, ngakhale kwa mnzanu wa pamtima. Koma musanapereke mabukuwo jambulani tsamba lililonse. Ine ndinajambula, ndipo zithunzizo ndikadali nazo, ndikungodikira msonkhano waukulu wa chaka chino.