Kodi nkhani ya alimi akumudzi ingakhale filimu? Taonani ntchito ya Safi Faye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akuphunzira utolankhani. Akufuna kujambula filimu yoonetsa moyo weniweni wa alimi a m'mudzi mwa agogo ake, koma anzake akumugwetsa ulesi pomuuza kuti za kumudzi palibe angaonere. Wandifunsa ngati alipo mayi wa muno mu Africa amene anadziwika ndi ntchito yotereyi.

Alipo ndithu, achemwali, ndipo ndi Safi Faye wa ku Senegal, amene anabadwa mu 1943 ndi kumwalira ku Paris mu 2023. Poyamba anali mphunzitsi ku Dakar. Mu 1966, pa chikondwerero cha luso la anthu akuda chomwe chinachitikira mumzindawo, anakumana ndi Jean Rouch, Mfalansa wojambula mafilimu, amene pambuyo pake anamupatsa mbali m'filimu yake ina. Kenako mayiyu anapita ku France kukaphunzira za chikhalidwe cha anthu ndi luso la kamera.

Atakhwima pa maphunziro sanapite kukafuna nkhani kutali, koma anabwerera ku Fad'jal, mudzi wa makolo ake a mtundu wa Serer, n'kujambula Kaddu Beykat mu 1975, dzina lomwe m'chinenero cha Wolof limatanthauza mawu a mlimi. Filimuyi, yomwe ilibe mitundu koma yakuda ndi yoyera, anaikonza ngati kalata yomwe iye mwini akuwerengera woonera. Muli mnyamata wotchedwa Ngor amene akulephera kukwatira Coumba chifukwa chilala chapsereza mtedza ndipo ndalama za malowolo zasowa, mpaka akunka ku Dakar kukasaka ganyu. Koma chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi pamene akuluakulu akhala pansi pa mtengo, osafulumizidwa ndi wina aliyense, n'kumadandaula kuti mbewu imodzi yogulitsa yomwe atsamunda anawazoloweretsa yaguga nthaka ndipo ikuwasiya ndi ngongole m'malo mwa chakudya. Amene mwakulira pakati pa alimi a fodya mawu amenewa simungawamve ngati achilendo.

Boma la Senegal linaletsa filimuyi kuonetsedwa m'dzikomo, umboni woti madandaulo a alimiwo anafika pomwe ankayenera kufika. Kunja inalandira mphotho pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Berlin mu 1976, ndipo Faye anakhala mayi woyamba wa kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kutsogolera filimu yayitali yomwe inagulitsidwa m'malo oonetsera kanema. Filimu yake yotchedwa Fad'jal inaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mu 1979, ndipo Mossane inafikanso komweko mu 1996.

Ine ndikuona kuti mphamvu yake inagona pa chinthu chimodzi: anthu amene ankawajambula anali abale ake, ndipo ankamudziwa ngati mwana wawo, choncho ankalankhula momasuka monga amachitira mlendo akachoka. Mwayi umenewu inunso muli nawo, ndipo wojambula wochokera kunja sangaugule ndi ndalama.

Choncho musanabwereke kamera, pitani kwa agogo mukakhale nawo dzinja lonse, kuyambira pogalauza mizere mpaka tsiku loyeza zokolola pa sikelo ya vendala. Mupemphe chilolezo kwa amfumu ndi kwa aliyense amene mudzamujambule, ndipo filimuyo ikadzatha, oyamba kuionera adzakhale eni mudzi.