Chilonda cha bambo sichikupola, kodi ma stem cell angathandize?

Mayi wina wa ku Dwangwa wandilembera pa imelo, akuti bambo ake anachekeka ndi lata pamwendo ndipo chilonda chatha miyezi itatu osapola, chonsecho mwana wake akagwa pa njinga sabata imodzi basi kwauma. Ndiye anamva za ma stem cell, maselo amene amatha kusanduka mitundu ina ya maselo n'kukonza pamene paonongeka m'thupi, akufunsa ngati angatenge a m'thupi mwa bambowo n'kuwachulukitsa mu labu kuti awathandize.

Mayi, pepani kwambiri ndi matendawo. Chilonda chimapola chifukwa maselo amayenda, amakwawa ndithu kuchoka m'mbali kukatseka pakati, ndiye apa mpamene pali vuto la ukalamba. Mu labu amaziona ndi maso. Amatenga ma stem cell a m'mafuta a m'mafupa n'kuwafesa m'kambale pa madigiri 37 ngati m'thupi, akadzaza pansi ponse amakanda mzere pakati ndi kansonga ka pulasitiki, mawa lake n'kukasuzumira pa maikulosikopu. A wachinyamata nthawi zambiri amakhala atseka kanjirako ndithu, a munthu wamkulu mpata umakhala ukadalipo.

Komanso tu maselo amakalambira m'kambale momwemo. Mu 1961 akatswiri a sayansi Leonard Hayflick ndi Paul Moorhead ku Philadelphia, ku America, anapeza kuti maselo a munthu amagawikana ka 50 kapena chapompo kenako basi, amasiya. Selo lotopa limakula n'kuphwatalala ngati chambo chong'amba chowamba, timaulusi ta mkati totchedwa actin tomwe limadzikokera poyenda timauma gwa, ndipo CXCR4, imene ili ngati mphuno ya selo yonunkhizira kemikolo yotchedwa SDF-1 yochokera pamalo ovulala, imachepa akamawachulukitsa kambirimbiri. Ndiye taganizani, a bambo ndi okalamba kale, kuti maselo awo achuluke mpaka agawikanenso kangapo, pofika pachilonda miyendo yatha.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi timapaketi ta ufa timene anthu akutsatsa pa WhatsApp kuti ndi stem cell, mitengo yake yoopsa. Mulibe selo lamoyo mmenemo mayi, ndipo likanakhalamo m'mimba likanagayika ngati usipa. Ndalama imeneyo ikhale ya thiransipoti, atengereni bambo ku chipatala ku boma sabata ino, akawayeze shuga ndi BP, aonenso ngati magazi akufika bwino kuphazi, chifukwa chilonda cha miyezi itatu kwa munthu wamkulu kawirikawiri pamakhala china chake pansi. Mundilemberenso zomwe akakuuzeni.