Funsani Ankolo: kapuchi ndi kashembe, dzina limodzi bwanji?

Ankolo, ine ndili fomu 4 kuno ku Thondwe. Mu notsi za agirikacha tinalemba kuti kapuchi amene amaboola chimanga uja ndi Busseola fusca, ndiye tsiku lina ndikuwerenga za kashembe pa foni ndinapezanso Glossina fusca. Fusca ameneyu ndi ndani? Kapena tizilombo timeneti ndi pachibale?
Mphwanu wa ku Thondwe, Zomba

Mphwanga, fusca si munthu ayi kkk. Ndi mawu a Chilatini otanthauza chinthu chodera, chakuda mothimbirira, ngati mtundu wa dothi lonyowa. Basi. Amene ankapereka dzinalo anangoyang'ana kachilomboko nkunena mtundu wake.

Iwe wazolowera kuona mphutsi, ukang'amba phesi la chimanga nkupeza ngalande mkati ndi zitosi zake zija, koma mayi wake ndi gulugufe wa usiku, wabulauni wosaoneka bwino nkomwe, amaikira mazira mobisa pakati pa tsamba ndi phesi, ndiye dzina lija linachokera kwa iyeyo. Anamutcha ndi katswiri wa tizilombo, Fuller, mu 1901. Kashembe wako uja anatchedwa kale, mu 1849, ndipo ndi wa nkhalango za kumadzulo ndi pakati pa Africa. Ku Ulaya kulinso nyerere yakuda, Formica fusca, imeneyo anaitcha Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1758, mkulu amene anakhazikitsa zoti chamoyo chilichonse chizikhala ndi maina awiri.

Zachibale iwalako. Gulugufe ali ndi mapiko anayi, kashembe awiri ngati ntchentche, ndi magulu otalikirana kwambiri. Chibale chimaoneka pa dzina loyamba, lija limayamba ndi chilembo chachikulu, lili ngati mfunda. Lachiwirilo lili ngati Chikondi, mkalasi mwanumo mwina alimo atatu, wina Phiri wina Banda wina Mbewe, palibe amati ndi apachibale. Lamulo limangokana kuti mu mfunda umodzi mukhale ma fusca awiri, kunja kwa apo aliyense atha kulitenga. Ukaona fuscus kapena fuscum usadabwenso, ndi mawu omwewo, amasintha kumapeto potsatira dzina loyamba monga ife timati wakuda, chakuda, yakuda.

Kunena zoona ine dzina la fusca ndimaliona laulesi, agulugufe ausiku ambirimbiri ndi odera, ndiye watiuza chani pamenepo? Londisangalatsa ndi la mbozi zija zinalowa mu Africa mu 2016 kuchokera ku America, Spodoptera frugiperda. Frugiperda ndiye kuti wowononga mbewu, ndipo aliyense amene anayenda mmunda mu 2017 nkuona masamba a chimanga atabowokabowoka sangatsutse.

Pamayeso lemba maina onse awiri, loyamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri chaching'ono, udule mzere kunsi. Ukangolemba fusca yekha wochonga sadziwa ngati ukunena kapuchi kapena nyerere. Ndipo uwauze kunyumba asamasiye mapesi ouma ataima mmunda chaka chonse, kapuchi amagona mmenemo kudikira mvula.