Loya wachinyamata pa mlandu wanu wa ngozi

Mayi, mwafunsa ngati kuli bwino kuti mlandu wanu wa ngozi ya galimoto auyendetse loya amene wangoyamba ntchito zaka ziwiri zapitazo, poti inu mumayembekeza bwana wake. Ine ndikuti musamukane chifukwa cha msinkhu.

Mwanayo sanangodzuka n'kuvala mkanjo wakuda. Ali ndi digiri ya zamalamulo, ambiri amaitenga ku Chanco ku Zomba, ndipo analumbira ku High Court pamaso pa mkulu wa majaji kuti aloledwe kuimira anthu. Chiphaso chake chogwirira ntchito amachikonzanso chaka ndi chaka. Ngati mukukayika, funsani a Malawi Law Society, bungwe la maloya. Chiphasocho ndiye choyenera kuchitsata kwambiri, chifukwa alipo anthu odzitcha maloya amene amadyera anthu ndalama panja pa makhoti.

Komanso dziwani kuti mlandu ngati wanu supambana ndi kukuwa m'khoti. Umapambana pa mapepala. Amene amatolera lipoti la apolisi ndi la dokotala, kulemba samani, kuima pamzere ku rejisitire, ofesi ya khoti yolandira mapepala, kuti adinditse, kukasiya makalata ku kampani ya inshuwalansi, n'kubwereranso fayilo ikasowa, ndi achinyamatawa. Malamulo oyendetsera milandu ku High Court a 2017 amati milandu yambiri iyambe yadzera kwa jaji kuti mbali ziwiri ziyesere kugwirizana, ndipo wokhala nanu pambali m'chipindamo nthawi zambiri ndi yemweyu. Ikafika nthawi yowerengera chipepeso pamaso pa rejisitirala, mkulu woyang'anira ofesi ya khotiyo, amene akudziwa kuti mwendo munathyoka pati komanso geni yanu inaima miyezi ingati ndi amene anawerenga tsamba lililonse. Bwana ali ndi mafayilo ambirimbiri, wanuwo sangauloweze.

Zofooka ali nazo, sindikubisirani. Kupanikiza mboni ndi mafunso kumadza ndi zaka, ndipo a inshuwalansi akaona nkhope yatsopano amayamba ndi kandalama kochepa. Choncho mufunseni mwaulemu kuti akumuyang'anira ndani, ndipo asavomere ndalama iliyonse inu musanaimve. Nkhani ya malipiro ake ilembedwe, musangogwirizana pakamwa. Pepala lililonse limene wapereka kukhoti, akupatseni kope lake.

Malisiti onse a kuchipatala, ngakhale a thiransipoti, mupite nawo kwa loyayo sabata ino. Milandu yotere ili ndi malire a nthawi, mukachedwa khoti silikumverani.