Bwanji foni wamba imalowa pomwe WhatsApp yakanika?

Wina wa ku Area 25 wandilembera imelo, akuti anali ku Bingu Stadium kuonera mpira, WhatsApp call ikungozungulira osalowa koma ataimba foni wamba inalowa pompo, ndiye akufunsa ngati makampaniwa amachitira dala kuti tizitha mayunitsi.

Achimwene, dala ayi, koma kusankha kokha kulipo. Tawa iliyonse ili ndi malire a zomwe inganyamule, ndiyo bandwidth imeneyo, ndiye anthu masauzande akadzadza stediyamu aliyense akutumiza kavidiyo ka chigoli, netiweki imayamba kugawa ngati nsima ya pamaliro. Foni wamba imalandira mbale yoyamba poti mawu akangochedwa pang'ono simumvananso, pomwe WhatsApp call kwa netiweki ndi data basi, ili pamzere umodzi ndi TikTok ndi ma status a anthu. Zikathina kwambiri ngakhale mawu anuwo amafinyidwa, codec ya AMR, kachipangizo kofinya mawu kuti ayende pa netiweki, imatha kutsika kuchoka pa 12.2 kbps (muyeso wa data yodutsa pa sekondi) kufika 4.75, nchifukwa chake mnzanu amamveka ngati akulankhulira m'chidebe.

Koma ine chimandisangalatsa ndi cha njira. Mwaona draiva wa minibasi akapeza pamlatho wa Lilongwe pathina, amakhotera njira zamkati osafunsa munthu. Mafoni nawonso choncho. Kampani ya mafoni ya AT&T ku America inayamba mu 1984 kusintha njira za mafoni potengera ola la tsiku, kenako akatswiri a masamu Frank Kelly ndi Richard Gibbens a ku yunivesite ya Cambridge anathandiza kupanga kanjira kamene kampani ya mafoni ya British Telecom inadzagwiritsa ntchito, kophweka moti ungaseke: yesa njira yachindunji, ikadzadza dutsa yozembera imene inakuthandiza ulendo watha, kakamira yomweyo mpaka tsiku lomwe yakukana, pamenepo tola ina mwachisawawa.

Vuto lake nali, foni yozembera imadya mizere iwiri m'malo mwa umodzi, ndiye aliyense akayamba kuzemba netiweki yonse imatsamwa, ngati maminibasi onse atakhotera kamsewu kamodzi ka m'lokeshoni. Ndiye amasungako mizere ingapo ya mafoni achindunji okhaokha, wozembera akapeza yatsala yokhayo amabwezedwa, inu nkumva zoti netiweki ili bize.

Ulendo wina ku stediyamu ingoimbani yawamba, kavidiyo kachigoliko mukatumize mutafika pa Area 18.