Renal denervation sichotsa mapiritsi a BP

Achimwene, mwafunsa ngati renal denervation, njira yachipatala yotsitsira BP powotcha timinyewa ta ku impso, ingakusiyitseni kumwa mankhwala a BP. Ayi, njirayi sikuti ikusiyitsani mapiritsi. Imatsitsa BP pang'ono chabe, ndipo ambiri amapitirizabe kumwa mankhwala. Madokotala amalowetsa kachubu mumtsempha wa pamphechepeche mpaka kukafika kumitsempha ya magazi ya impso, n'kuwotcha timinyewa tomwe timathandizira kukweza kuthamanga kwa magazi. Ku America, bungwe la boma loona za mankhwala la FDA linavomereza njirayi mu 2023.

Mayi anga BP yawo inkakana kutsika ngakhale ankamwa mitundu itatu ya mankhwala. Madokotala atawawonjezera mankhwala otchedwa spironolactone inatsika, osafunikanso china. N'chifukwa chake ndikuti musafulumire. Kaonaneni ndi dokotala wa mtima kapena wa impso, akuyezeni BP kwa maola 24, aonenso ngati vuto si mahomoni kapena kubanika kutulo. Mankhwala musasiye panokha.