Kodi voti ya aphungu ingaletse nkhondo?

Mayi wina wandilembera imelo kufunsa kuti: "Bwanji osangoika lamulo loti dziko lisapite kunkhondo aphungu asanavomereze? Kodi vuto silingathere pomwepo?"

Mayi, lamulo lotero lilipo kale, koma palokha siligwira kanthu. Ku America, malamulo oyendetsera dziko amati wolengeza nkhondo ndi Congress, yomwe ndi nyumba ya malamulo ya dzikolo, osati pulezidenti. Komatu Congress inalengeza nkhondo komaliza mu 1942. Nkhondo za ku Korea, Vietnam, Afghanistan ndi Iraq zonse zinamenyedwa popanda kulengezedwa. Ataona zakuda ku Vietnam, aphungu anakhazikitsa lamulo la War Powers Resolution mu 1973, ngakhale Pulezidenti Nixon analikana. Limati pulezidenti akatumiza asilikali adziwitse aphungu pasanathe maola 48, ndipo akapanda kuvomereza pofika masiku 60, asilikaliwo abwerere. Papepala n'labwino ndithu. Koma anyamata ali kale kutsogolo, maliro ayamba kufika, ndi phungu uti angaimirire n'kunena kuti tiwadulire ndalama za zipolopolo?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi voti ya pa 14 September 2001. Patangopita masiku atatu chichitikire chiwembu cha ku New York ndi Washington, aphungu anapatsa pulezidenti chilolezo chothana ndi omwe anachita chiwembucho. M'nyumba ya House of Representatives aphungu 420 anavomera, Barbara Lee yekha ndiye anakana. Chilolezocho chinalibe tsiku lothera. Apulezidenti otsatira anachigwiritsa ntchito ku Yemen, ku Somalia, mpaka mu 2014 Obama anachitulutsanso pomenyana ndi gulu la ISIS, gulu lomwe mu 2001 kunalibe n'komwe. Voti inachitika, eya, koma inachitika kamodzi, mitima ili yowawa.

N'chifukwa chake ndimakonda njira ya ku Germany. Kuyambira pa chigamulo cha khoti lalikulu mu 1994, asilikali satumizidwa kunja popanda chilolezo cha Bundestag, nyumba ya malamulo ya kumeneko, ndipo kawirikawiri chilolezocho chimakhala cha chaka chimodzi. Chikatha, boma limabweranso kudzafotokoza kuti likutani kumeneko. Ku Britain nako aphungu anamukaniza nduna yaikulu ya nthawiyo David Cameron kuphulitsa mabomba ku Syria mu 2013, ndi mavoti 285 kwa 272, koma umenewo ndi mwambo chabe, si lamulo.

Pali mbali ina yomwe simunafunse, Mayi: akusenza katunduyo ndani? America inaleka kukakamiza anyamata kulowa usilikali mu 1973, moti lero nkhondo imagwera mabanja ochepa, ena onse akungoionera pa TV. Ndalama nazo n'chimodzimodzi. Pulezidenti Truman anakweza misonkho kuti alipirire nkhondo ya ku Korea. George W. Bush anatsitsa misonkho mu 2001 ndi mu 2003, ndipo nkhondo za ku Afghanistan ndi Iraq zinayenda pa ngongole.

Zokakamiza achinyamata kunyamula mfuti sindigwirizana nazo, poti ana a anthu olemera amapeza pothawira nthawi zonse. Ndikanapatsidwa cholembera, ndikanalemba kuti chilolezo cha nkhondo chizitha chokha pakapita miyezi 12, ndipo phungu wofuna kuchiwonjezera avote tsiku lomwelo msonkho wolipirira nkhondoyo, dzina lake lilembedwe poyera, ndipo msonkhowo uzioneka paokha pa pepala la malipiro la munthu aliyense.